Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro ndi Nduna Yoona za Chikhalidwe: Ana Athu Aphunzire za Munthu ndi Kusiyana kwa Anthu

Olemekezeka Anduna,

Ndikulemba kalata ino ndili ku Mzuzu, mzinda umene ndakhalamo zaka zoposa 30, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi ndinazithera m'kalasi, choko kumanja, ndikuphunzitsa ana a sekondale. Kwathu kobadwira ndi ku Dedza, mayi a kunyumba ndi a ku Mzimba, ndipo ana athu akafunsidwa kuti ndi a mtundu wanji amayamba ayang'anana kaye asanayankhe. Akapita kwathu amauzidwa kuti mwana ndi wa kuchikazi, choncho kwawo ndi ku Mzimba, pamene akapita kwa agogo awo ku Mzimba amauzidwa kuti ng'ombe zinaperekedwa kale, choncho kwawo ndi ku Dedza. Mbali zonse ziwiri zimanena zoona molingana ndi mwambo wake, koma palibe sukulu imene inawafotokozerapo ana amenewa chifukwa chimene zinthu zinakhalira chonchi.

Nkhani imene ndabwera nayo pamaso panu ndi ya maphunziro amene pa Chingerezi amawatcha anthropology. Ife tilibe liwu limodzi lowatchulira, koma ntchito yake ndi yomveka: kufufuza za munthu yense wathunthu, kumene anachokera, mmene thupi lake lasinthira m'kupita kwa zaka zikwizikwi, chifukwa chimene matupi a anthu amasiyanirana, komanso chifukwa chimene anthu oyandikana midzi amalankhula, kukwatirana, kulira maliro ndi kugawa chuma cha masiye mosiyana. Dandaulo langa ndi lakuti chigawo chino cha kumpoto ndi amodzi mwa malo amene akatswiri a maiko akutali amabwerako kudzafunafuna mayankho a mafunso amenewa, koma ana ambiri amene anadutsa m'manja mwanga ankadziwa kulemba Olduvai Gorge ya ku Tanzania pa mayeso, osadziwa zimene zinatuluka m'nthaka ya kwawo komwe. Zimene ankazidziwa bwino za mitundu ya anthu ndi nthabwala za m'minibasi, zakuti mtundu wakuti ndi waulesi, wakuti ndi wouma manja, wakuti ndi wokonda sukulu, ngati kuti zimenezi zinalembedwa m'magazi.

Lolani ndiyambe ndi Karonga. M'chaka cha 1991, pamalo otchedwa Uraha, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, pamodzi ndi Amalawi amene ankagwira nawo ntchito yofukula, linapeza nsagwada ya m'munsi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ya cholengedwa chimene akatswiri amachitcha Homo rudolfensis, ndipo ndi chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za banja limene ife anthu a lero tilimo. Mu 1996 ku Malema kunapezekanso kachidutswa ka nsagwada ya Paranthropus boisei, cholengedwa cha mano akuluakulu otafunira zolimba, chimene mbewu yake inatha osasiya zidzukulu. M'mudzi wa Mwanganda, J. Desmond Clark anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida za miyala m'zaka za m'ma 1960, ndipo kafukufuku wa 2021, amene anayerekeza zida za miyala za ku Karonga ndi matope a pansi pa nyanja ya Malawi, anaonetsa kuti zaka 85,000 zapitazo anthu anali atayamba kale kusintha maonekedwe a tchire pogwiritsa ntchito moto. Ife amene timadandaula ndi lupsa chaka ndi chaka tidziwe kuti khalidweli silinayambe dzulo. Ndikudziwa kuti abale ena, ngakhale kumpingo kwathu komwe, nkhani ya zaka mamiliyoni imawakhala pakhosi, ndipo sindikupempha kuti wina ataye chikhulupiriro chake. Ndikungonena kuti fupalo lilipo, linatuluka m'dothi lathu, ndipo mwana wa Mmalawi ali ndi ufulu woliona ndi kumva mmene zaka zake anaziwerengera.

Koma nkhani imene inandisowetsa tulo ndi ya ku Hora, m'boma la Mzimba. Ambiri a ife timalidziwa phirili chifukwa cha mwambo wa Umthetho umene Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa amachitira kumeneko mwezi wa Ogasiti, ndipo amene anawerengako mbiri amadziwanso za Baza Dokowe ndi Atumbuka amene anathawira pamwamba pa phirilo n'kuphedwera pomwepo cha m'ma 1880 atagalukira Angoni. Pansi pa nkhani ziwirizi pali ina yakale kuposa zonsezi. M'chaka cha 1950 Clark yemwe uja anafukula mafupa a anthu m'phanga lina la m'phirimo, ndipo mu 2017 akatswiri anafalitsa zotsatira za kuyeza DNA (kanthu ka m'thupi kamene kamasunga chibadwa cha munthu) ya mafupa a ku Hora, a ku Fingira pa Nyika, ndi a ku Chencherere ku Dedza. Akale kwambiri mwa anthu amenewa anakhalapo zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, ndipo kafukufuku wina wa 2022 anawonjezerapo tiana tiwiri ta ku Hora komweko timene tinaikidwa m'manda zaka 14,000 zapitazo kapena kuposerapo. Zimene zinapezeka n'zakuti anthu amenewa, amene ankakhalira ulenje ndi kutola za m'tchire, anali pa ubale ndi Asan a kumwera kwa Africa komanso Ahadza a ku Tanzania, koma atawayerekeza ndi Achewa, Atumbuka, Ayawo ndi Angoni a lero amene anayezedwa nawo, chibadwa cha anthu akalewo sichinaoneke mwa a lerowa. Chiyambi cha magulu anayi onsewa chinaloza kumodzi, kwa anthu olankhula zilankhulo za Chibantu amene anayamba kufalikira kuchokera kumalire a Cameroon ndi Nigeria wa lero, n'kudzafika kuno ndi makasu, mbiya ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo zaka zosapitirira 2,000 zapitazo.

Agogo anga ku Dedza ankatisimbira za Akafula, anthu aafupi amene ukakumana nawo ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" ndipo wofuna kupulumuka ankayankha kuti wawaonera patali. Tinkaziyesa nthano zoopsezera ana kuti asamayende okha m'phiri. Lero zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, pamodzi ndi mafupa a ku Hora ndi Fingira, zikutsimikiza kuti nkhalambazo zinasunga pakamwa chikumbutso cha anthu enieni amene makolo athu anawapeza pano. Choncho wandale amene amaima pansanja n'kunena kuti mtundu wake ndiwo mwini dziko ndipo ena onse ndi obwera, akunena zimene nthaka yakana. Achewa anabwera, Atumbuka anabwera, Mlowoka anachita kuoloka nyanja, Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene kunachita kadamsana, Ayawo ndi Alomwe analowa kuchokera kummawa, ndipo chimene tinasiyana ndi tsiku lofikira basi.

Ine nkhani ya mafupa a ku Horayi sindinaimve pa wailesi kapena kuiwerenga m'buku la sukulu. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale ndiye ananditumizira pa WhatsApp, ili m'Chingerezi chozama chimene ngakhale ine mphunzitsi ndinachiwerenga katatu ndisanatolepo kanthu. Chaka chotsatira nditapita ku Umthetho, ndinafunsa amuna angapo amene ndinakhala nawo pamthunzi podikira ingoma ngati akudziwa zimene zinapezeka m'phanga la m'phiri limene tinali kuliyang'analo. Onse ankadziwa kuti kumabwera azungu okumba. Wina anati amafuna miyala ya mtengo wapatali, wina anati ndi za mankhwala, ndipo wachitatu anangoseka n'kunena kuti zimene azungu amapeza sauza munthu.

Sindikunyoza alendo ofufuza ayi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zoonadi makina oyezera DNA ya fupa la zaka 14,000 ife tilibe. Alendowa amagwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, amalemba ntchito anthu a m'midzi, ndipo nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, ndi chipatso cha mgwirizano wotere. Tili nawonso akatswiri athu, monga Dr Yusuf Juwayeyi amene anafukula likulu la Amaravi ku Mankhamba, Dr Elizabeth Gomani Chindebvu amene anafufuza za mafupa a zinyama zakale za ku Karonga, ndi Pulofesa Boston Soko amene anathera zaka zambiri akufufuza za Vimbuza. Koma ndi owerengeka, ndipo kalumo ka mlendo kakatha kumeta kamabwerera kwawo m'thumba la mwini wake. Pempho langa ndi lakuti aliyense wopatsidwa chilolezo chofukula m'dziko lino, kapena chotenga magazi ndi malovu a anthu pofufuza za chibadwa, azilamulidwa kubwerera kumudzi kumene anagwirako ntchito n'kukafotokoza zimene wapeza pabwalo la mfumu, m'chilankhulo cha anthu a kumeneko, komanso kusiya chidule cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka chimene mphunzitsi angalowe nacho m'kalasi.

Wina atha kunena kuti dziko limene likusowa mankhwala ndi madesiki lilibe nthawi ya mafupa akale. Yankho langa ndi lakuti kusadziwa chifukwa chimene matupi a anthu amasiyanirana kwaphetsa kale anthu m'dziko muno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2014 tonse tinamva za abale athuwa akubedwa, kuphedwa, ndi manda awo akufukulidwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Boma linachita bwino kukhwimitsa zilango mu 2016, koma chilango chimafika munthu atafa kale. Chialubino chimabwera pamene mwana walandira kwa bambo komanso kwa mayi kanthu ka chibadwa kamene kamalepheretsa thupi kupanga mokwanira melanin, chinthu chimene chimapereka mtundu ku khungu, tsitsi ndi maso. Makolo onse awiri atha kukhala akuda bii, aliyense atanyamula kanthuko mosadziwa, ndipo pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino.

Zaka zingapo zapitazo mayi wina woyandikana nafe nyumba anabereka mwana wachialubino, ndipo akuchimuna anabwera ndi mlandu wakuti mkaziyo anayenda ndi mzungu. Mayi a kunyumba anandikakamiza kuti ndipiteko, ndipo ndinapita ndi makapu awiri ndi nyemba zinayi. M'kapu iliyonse ndinaikamo nyemba yofiira imodzi ndi yoyera imodzi, n'kunena kuti kapu iyi ndi bambo, iyi ndi mayi, ndipo ndinapempha apongozi aakazi kuti atsinzine n'kutola nyemba imodzi m'kapu iliyonse. Anatola kambirimbiri tili pamphasa, nthawi zina zofiira zokha, nthawi zambiri yofiira ndi yoyera, ndipo apo ndi apo zoyera zokhazokha. Nditawauza kuti zoyera ziwiri sizingakumane pokhapokha kapu ya bambo itaperekanso yake, anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenako ananena chapansipansi kuti mchimwene wa bambo awo anali woyera chomwechi, koma pamudzi sankamutchula. Phunziro limene linapulumutsa banja limenelo silinathe ndi ola limodzi lomwe, ndipo likhoza kuphunzitsidwa mu Sitandade 7.

Masamu omwewa ndi amene amafotokoza matenda a sickle cell, amene amapinda maselo ofiira a magazi ngati zenga, ndipo m'midzi yambiri mwana wodwaladwala chotere amati walodzedwa. Apa maphunziro a anthropology amawonjezerapo chifukwa chake. Mu 1954 Anthony Allison anaonetsa kummawa kwa Africa kuti munthu amene walandira kanthu ka chibadwa koyambitsa matendawa kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ku malungo aakulu, n'chifukwa chake kanafala kumene kuli udzudzu wa malungo, kuphatikizapo madera ena a India, Arabia ndi Greece. Kanthuka kanatsata udzudzu, sikanatsate mtundu wa munthu. Nalo khungu lakuda linatsata ukali wa dzuwa. Richard Lewontin anawerengera mu 1972 kuti pafupifupi 85 pa 100 ya kusiyana kwa chibadwa cha anthu imapezeka pakati pa anthu a gulu limodzi lomwelo, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti Africa, kumene munthu wakhalako nthawi yaitali kuposa kwina kulikonse, ndiye ali ndi kusiyana kochuluka, moti anthu awiri akuda a madera otalikirana a Africa atha kusiyana m'chibadwa kuposa mmene Mzungu amasiyanirana ndi Mtchaina. Pano ndipatuke pang'ono: ena pomasulira nkhani zimenezi amati majini, kutengera liwu la Chingerezi, koma kwa agogo a kumudzi majini ndi ziwanda, ndipo ukawauza kuti mdzukulu wawo anabadwa chonchi chifukwa cha majini a makolo wawonjezera moto pa nkhani ya ufiti. Akatswiri a Centre for Language Studies ku Zomba apatsidwe ntchito yokhala pansi ndi madokotala ndi aphunzitsi kuti tipeze mawu oyenera.

Sindikubisa kuti maphunzirowa ali ndi mbiri yonunkha. M'nthawi ya atsamunda, ena mwa amene ankadzitcha akatswiri a za munthu ankayeza zigaza ndi mphuno za anthu akuda pofuna kutsimikiza kuti ndife otsika. Thupi la Sarah Baartman linakhala ku Paris mpaka 2002 pamene linabwezedwa ku South Africa, ndipo chigaza chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chikadali ku London ngakhale dziko la Zambia lakhala likuchiitanitsa. Anthu athu akamachita mantha ndi munthu wobwera ndi jakisoni wotengera magazi, monga zinachitikira pa mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, sikuti ndi uchitsiru chabe, koma ndi mantha a anthu amene atengeredwa zinthu kambiri popanda kufotokozeredwa. Njira yotetezera dziko ku zimenezi si kukana maphunzirowa, koma kukhala ndi ana athu amene amawadziwa mokwanira moti atha kuuza mlendo kuti apa mwalakwitsa, ichi simutenga, ndipo funso loyenera kufufuza ndi ili.

Mbali ya miyambo ndiyo imene imatikhudza tsiku ndi tsiku kuno ku Mzuzu, kumene pa mzere umodzi wa nyumba za lendi ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa upezapo Mtonga wa ku Nkhata Bay, Mngonde wa ku Karonga, Mlambya wa ku Chitipa, Mlomwe wa ku Thyolo ndi Mchewa wa ku Kasungu akutunga pampopi umodzi. Angoni ndiwo chitsanzo chooneka bwino chakuti mtundu si magazi. Pa ulendo wawo wautali ankatenga anthu a mitundu imene ankadutsamo n'kuwasandutsa Angoni, ndipo atakhazikika ku Mzimba anafalitsa malowolo a ng'ombe pakati pa Atumbuka, iwo n'kutenga chilankhulo cha Chitumbuka, pamene abale awo a ku Ntcheu anatenga Chichewa ndipo ambiri anayamba kutsata chikamwini. Mwambo umabwerekedwa, umasintha, umakalamba. Koma woweruza milandu, wapolisi, mlembi wa za malo kapena namwino amene wakulira m'chikamwini, kumene mwini mbumba ndi malume, akatumizidwa ku Rumphi amakumana ndi milandu ya ana ndi minda imene maziko ake ndi ng'ombe zimene zinaperekedwa zaka 20 zapitazo, ndipo popanda kukonzekeretsedwa amaweruza mwambo wa eni ake ndi muyeso wa kwawo. Chimodzimodzinso namwino amene sanamvepo za Vimbuza, gule wochiza amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, sadziwa poyambira wodwala akamuuza kuti wagona usiku wonse kung'oma asanabwere kuchipatala. Anthu onsewa akufunika phunziro la miyambo ya dziko lawo lomwe asanalandire kalata yowatumiza kuntchito.

Kumpoto kuno mabala a kusamvetsetsana akadali osapola. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndipo chinabwerera mu 1994, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo cha kwawo. Ine Mchewa ndikulemba zimenezi m'Chichewa, chilankhulo chimene ndimachikonda, koma ndikudziwa kuti chinakwezedwa zina zikutsitsidwa. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa Amalawi 100 alionse Achewa ndi pafupifupi 34, Alomwe 19, Ayawo 13, Angoni 10 ndi Atumbuka 9, otsalawo n'kukhala Asena, Amang'anja, Atonga, Angonde ndi ena, kutanthauza kuti palibe mtundu umene ukufika theka. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu kwa munthu aliyense wogwiritsa ntchito chilankhulo ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha, koma ufulu umenewu ndi wovuta kuulemekeza ngati zimene ukudziwa za mnzako ndi zovina za tsiku limodzi pachaka, pamene andale abwera ndi maenvulopu ku Umthetho, ku Gonapamuhanya kapena ku Mulhako.

Ndikudziwa kuti zidutswa za maphunzirowa zimaphunzitsidwa kale m'mayunivesite athu. Chimene ndikupempha n'chakuti Yunivesite ya Mzuzu, imene inatsegula zitseko zake mu 1999 ndipo ili pakati pa Hora, Nyika ndi Karonga, ipatsidwe ndalama zokhazikitsira maphunziro athunthu amene alumikiza mbali ya thupi ndi mbali ya miyambo, kuti wophunzira mmodzi yemweyo azitha kugwira fupa m'manja komanso kukhala pamphasa ndi nkhalamba. Zambiri zimene zinalembedwa za ife zinalembedwa ndi alendo, monga Margaret Read pakati pa Angoni, Godfrey Wilson pakati pa Angonde ndi Jaap van Velsen pakati pa Atonga, ngakhale kuti Yesaya Chibambo ndi Saulos Nyirenda anatisonyeza kalekale kuti eni ake atha kulemba mbiri yawo. Moto umene unapsereza laibulale ya yunivesiteyi mu Disembala 2015 unatiphunzitsa kuti chosungidwa malo amodzi chimatha usiku umodzi, choncho mawu a nkhalamba zimene zikadali moyo ajambulidwe tsopano, makamaka a zilankhulo zazing'ono za ku Chitipa monga Chisukwa, Chindali ndi Chilambya, n'kusungidwa malo angapo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Mzuzu ipatsidwe chifaniziro cha nsagwada ya ku Uraha ndi antchito okwanira oti aziyenda nacho m'masukulu.

Pomaliza, Olemekezeka, mwezi wa Ogasiti mukadzaitanidwa ku Hora monga mwa nthawi zonse, ndikupempha kuti musadzathere pansanja pokha. Mudzatenge ana a sukulu za pafupi, mudzapite nawo kuphanga lija, ndipo mudzasiyepo chikwangwani cholembedwa m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chonena amene anaikidwa pamenepo, zaka zimene zapitapo, ndi mmene zinadziwikira.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma pantchito
Chibavi, Mzuzu